Mafunso ndi Mayankho: Kodi Akatswiri Amachita Chiyani Tsiku ndi Tsiku?

Chibwerere wothamanga wa ku Zambia Muzala Samukonga ndi mendulo kuchokera ku mpikisano wa Olympics wa ku Paris mu 2024, makalata ofunsa za chinsinsi cha akatswiri akhala akufika ku danga lino mosalekeza. Ena ndi a achinyamata ofuna kutchuka pa masewera, koma ambiri ndi a anthu akuluakulu amene ali pa ntchito zawo ndipo akuona kuti luso lawo laima malo amodzi. Mwezi uno ndasankhapo anayi, ndipo ndawafupikitsa pang'ono kuti malo atikwanire.

FUNSO: Aphunzitsi, ndine mnyamata wa zaka 17 ndipo ndimathamanga mpikisano wa mamita 5,000. Tsiku lililonse ndimadzuka 4 koloko m'mawa n'kuthamanga ndi mphamvu zanga zonse kuchokera ku Kapata kulowera msewu wa ku Mwami, ndipo Loweruka ndimakwera phiri la Kanjala. Papita miyezi isanu liwiro langa silikusintha, ndipo tsopano misongolo ikundiwawa. Kodi ndiwonjezere mtunda, kapena mwina ndilibe mphatso? (Mnyamata wa ku Kapata, Chipata)

YANKHO: Mwanawe, usawonjezere mtunda. Khama uli nalo lochuluka, ndipo ndakondwera nalo, koma mawu amene andidetsa nkhawa m'kalata yako ndi akuti umathamanga ndi mphamvu zako zonse tsiku lililonse. Thupi la munthu limalimba pa nthawi yopuma. Ukathamanga molimba, minofu ndi mafupa zimavulala pang'onopang'ono m'kati, ndipo m'maola otsatirawo thupi limakonza malo ovulalawo n'kuwasiya olimba kuposa kale. Ukabwereza kuthamanga molimba thupi lisanamalize ntchito yake yokonza, umangowonjezera bala pa bala, ndipo kuwawa kwa misongolo ndi njira imene thupi likukuuzira zimenezi.

Ndikuuze za Eliud Kipchoge wa ku Kenya, chifukwa palibe amene angamunene kuti ndi waulesi. Iye anapambana mendulo ya golide ya marathon ku Olympics kawiri, ku Rio de Janeiro ndi ku Japan, ndipo mu October 2019 ku Vienna anathamanga makilomita 42 m'maola osakwana awiri. Mtunda umenewu ndi pafupifupi theka la ulendo wochoka ku Chipata kupita ku Katete. Pokonzekera mipikisano yake amakhala ku kampu ya ku Kaptagat, kumene amathamanga makilomita oposa 200 pa mlungu, koma masiku othamanga molimba amakhala atatu okha. Masiku enawo iye ndi anzake amathamanga pang'onopang'ono, mwa liwiro loti munthu angathe kucheza ndi mnzake osabanika. Ofufuza amene anayang'ana makonzekeredwe a akatswiri a mitunda italiitali m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti pafupifupi magawo anayi mwa magawo asanu a kuthamanga kwawo amakhala opepuka chotero. Achinyamata athu ambiri amachita manyazi kuthamanga pang'onopang'ono mumsewu poopa kuti anthu opita kumsika awaseka, ndipo manyazi amenewa ndi amene awononga miyendo ya ana ambiri amene ndinawaona pa zaka zimene ndinkayang'anira masewera pasukulu.

Chachiwiri chimene sunandiuze ndi nthawi imene umagona. Kudzuka 4 koloko kulibe vuto, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November pamene dzuwa la kuno limakhala laukali kale pofika 8 koloko. Koma ngati umagona 11 koloko usiku chifukwa cha foni, kapena chifukwa choonera mpira wa ku Ulaya umene nthawi zambiri umatha pafupifupi pakati pa usiku, ndiye kuti ukugona maola asanu okha, pamene madokotala amati munthu wa msinkhu wako afunika maola 8 mpaka 10. Mu 2011 ofufuza a pa yunivesite ya Stanford ku America anafalitsa zimene anapeza atapempha osewera basketball 11 kuti kwa milungu ingapo azikhala pabedi maola 10 usiku uliwonse. Osewerawo anayamba kuthamanga mofulumira ndi kuponya mpira molondola kuposa poyamba. Anthu 11 ndi ochepa, koma zotsatirazo zikugwirizana ndi zimene akatswiri eniake amachita, pakuti Kipchoge amagona molawirira ndipo masana amagonanso pang'ono. Ngati sungathe kugona pofika 8 koloko madzulo, ndi bwino kusiya kudzuka 4 koloko n'kumathamanga madzulo ukaweruka kusukulu.

Chizolowezi chachitatu ndi chotchipa kuposa zonse, ndipo ndi chimene ndimachilemekeza kwambiri. Kipchoge amalemba m'kope zimene wachita tsiku lililonse, ndipo wakhala akutero kwa zaka zambiri. Gula kope la kusukulu, ndipo madzulo aliwonse uzilemba mtunda umene wathamanga, nthawi imene watenga, maola amene unagona, ndi mmene thupi likumvera. Munthu wopanda kope amangodalira maganizo ake a tsiku limenelo, ndipo maganizo a munthu wotopa amanama. Ukadzalitsegula patapita miyezi iwiri udzaona wekha kuti miyendo inayamba kuwawa utachita chiyani, komanso kuti unathamanga bwino pambuyo pa masiku otani.

Pakali pano uchite izi. Leka kuthamanga kwa mlungu umodzi kapena iwiri, ndipo ngati ululu uli pa malo amodzi a fupa oti ungathe kuwaloza ndi chala, kapena ukuwawa ngakhale poyenda, pita kuchipatala chifukwa fupa limatha kuchita mng'alu. Ukayambiranso, choka pa tala n'kumathamanga m'njira za dothi, sankha masiku awiri okha pa mlungu othamanga molimba, ndipo tsiku limodzi usathamange n'komwe. Za chakudya usavutike mtima. Othamanga a ku Kenya amadya ugali, umene ndi nsima yathu yomweyi, ndi ndiwo zamasamba, nyemba, mazira ndi mkaka, ndipo kuno tili ndi nsawawa, mbatata ndi soya zokwanira kulimbitsa thupi la mnyamata. Upezenso mphunzitsi wa masewera woti azikuona ukuthamanga, chifukwa palibe amene amadziona kumbuyo. Kipchoge wakhala ndi mphunzitsi mmodzi, Patrick Sang, kuyambira ali mnyamata.

Za mphatso, miyezi isanu siingayankhe funso limeneli. Kipchoge yemweyo analephera kulowa m'gulu la Kenya lopita ku Olympics ya ku London mu 2012, ndipo ndi pambuyo pa kulephera kumeneko pamene anatembenukira ku marathon mu 2013. N'kutheka kuti nawenso mtunda wako weniweni sunaupeze.

FUNSO: Bambo, ndine telala ndipo ndakhala ndikusoka kwa zaka 18. Ndinamva pa wailesi kuti munthu akagwira ntchito imodzi kwa maola 10,000 amakhala katswiri. Ine maola amenewo ndinawapitirira kalekale, koma mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha zaka zinayi zapitazo ndi amene anthu akumupatsa masuti ndi madiresi a ukwati, pamene ine ndikungosoka mayunifolomu ndi kupinda zitenje. Kodi ndalakwitsa pati? (Mayi wa ku Mchini, Chipata)

YANKHO: Amayi, mwachita bwino kufunsa funso limene ambiri amalisunga mumtima mpaka kusanduka nsanje. Ngati mumasoka maola asanu ndi atatu pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa mlungu, ndiye kuti pa zaka 18 mwakhala pa makina maola oposa 40,000. Nkhani ya pa wailesiyo ikanakhala yoona monga mmene anthu amaifotokozera, bwenzi inu muli katswiri kanayi.

Nambala ya 10,000 inachokera ku kafukufuku amene Anders Ericsson ndi anzake anafalitsa mu 1993, atayang'ana ophunzira kuimba vayolini pa sukulu ya zoimbaimba ya ku Berlin. Anapeza kuti ophunzira aluso kwambiri anali atayeserera maola pafupifupi 10,000 pofika zaka 20. Koma Ericsson mwiniwake anadandaula kuti anthu anatola nambalayo n'kusiya phunziro lenileni. Maola amene iye ankawerenga anali a mtundu wapadera: nthawi imene wophunzira wakhala yekha, akulimbana ndi gawo limene likumuvuta, mobwerezabwereza, motsogozedwa ndi mphunzitsi amene akumuuza polakwika. Kuyeserera kotero n'kotopetsa moti ngakhale aluso kwambiriwo ankangokuchita maola atatu kapena anayi pa tsiku. Kubwereza chinthu chimene manja anachizolowera kale kumabweretsa ndalama ya tsiku limenelo, ndipo n'kofunika, koma sikuwonjezera luso. Yunifolomu ya 5,000 imene munasoka siinakuphunzitseni chilichonse chimene yunifolomu ya 500 inali isanakuphunzitseni.

Ndiye malangizo anga ndi akuti mudzifunse moona mtima kuti pa suti n'chiyani chimene mumachizemba. Atelala ambiri amene ndacheza nawo amatchula kolala ya jekete ndi kulumikiza mkono paphewa popanda makwinya. Pitani pa salaula, mugule jekete lakale losokedwa bwino, mulisomole ulusi wonse mosamala, muone mmene analidulira ndi zimene anaika m'kati, kenako mulisokenso. Mukatero mudule lina pa nsalu yotchipa, ndipo mkono umodzi womwewo muusoke kasanu kapena kakhumi mpaka ukhale bwino. Ola limodzi m'mawa, makasitomala asanayambe kufika, ndi lokwanira, bola likhale la tsiku ndi tsiku. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mukhalenso ndi kope la zovala zobwezedwa. Kasitomala akabwera kuti diresi lamuthina pachifuwa kapena zipi yapindika, mukamaliza kukonza mulembe chimene chinalakwika. Pakatha miyezi itatu mudzaona kuti zolakwika zambiri ndi za mtundu umodzi kapena iwiri, ndipo pamenepo ndi poyenera kuikapo ola lanu lija. Musaone ngati kulemba zinthu zazing'ono n'kudzichepetsa. Mu 2008 bungwe la World Health Organization linakonza mndandanda wa mfundo 19 zoti madokotala ndi anamwino aziwerenga mokweza pochita opaleshoni, monga kutsimikiza dzina la wodwala ndi kuwerenga zipangizo asanasoke bala. Atauyesa m'zipatala zisanu ndi zitatu za m'mayiko osiyanasiyana, kuphatikizapo cha ku Ifakara ku Tanzania, odwala omwalira pambuyo pa opaleshoni anachepa kuchoka pa 15 kufika pa 8 mwa odwala 1,000 alionse. Amenewa anali madokotala ophunzira zaka zambiri, ndipo chimene chinawathandiza ndi pepala limodzi lowakumbutsa zimene ankazidziwa kale.

Chovuta kwambiri ndachisungira kumapeto. Mtsikana amene munamuphunzitsayo ali ndi chimene inu mukuchifuna, ndipo ndikukhulupirira kuti sangakukanizeni mutamupempha kuti ayang'ane jekete lanu n'kukuuzani mosabisa polakwika. Ndikudziwa kuti kwa munthu wamkulu zimenezi n'zolemera, pakuti tinakula tikudziwa kuti wamng'ono ndiye amapita kwa wamkulu. Koma luso lake linamera pa maziko amene munamuikira inu, ndipo palibe chamanyazi kukolola pang'ono m'munda umene munalima nokha. Ndionjezere kuti si zonse zimene zimachokera ku zizolowezi. Ngati iye ali ndi makina omangira m'mphepete mwa nsalu kapena magetsi a sola, pamene inu munakhala manja lende pa nthawi ya kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2024, kusiyana kwina n'kwa zipangizo, ndipo musadziimbe mlandu pa zimenezo.

FUNSO: Achikulire, ndine kaputeni wa timu ya mpira ya m'mudzi mwathu. Tafika mu fainolo ya mpikisano wa kuno, ndipo anzanga akufuna kuti tisonkhe ndalama tipite kwa sing'anga. Akuti matimu onse akuluakulu amatero. Ndiwayankhe bwanji? (Kaputeni, Chadiza)

YANKHO: Achimwene, sindikufuna kunyoza chikhulupiriro cha munthu aliyense, koma ndalamazo mugulire mpira wachiwiri ndi chakudya cha osewera pa tsiku la masewero. Chimene anzanu akufunafuna kwa sing'anga ndi mtima wokhazikika, ndipo mtima umakhazikika munthu akamachita chinthu chimene wachichitapo kambirimbiri. Kumbukirani usiku wa pa 12 February 2012 ku Libreville, pa fainolo ya mpikisano wa Africa Cup of Nations. Didier Drogba, mmodzi mwa osewera otchuka kwambiri pa dziko lonse nthawi imeneyo, anaponya penate kumwamba masewero ali m'kati, ndipo pamapeto Chipolopolo, timu ya Zambia, inagonjetsa timu yake ya Ivory Coast 8 kwa 7 pa mapenate. Mwa amene anagoletsa panali goloboyi Kennedy Mweene, ndipo yomaliza anagoletsa Stoppila Sunzu, wosewera kumbuyo. Phunziro lake kwa inu ndi lakuti fainolo ingathe kufika pa munthu amene simunamuganizire.

Choncho m'masiku amene atsalawa, pamapeto pa kuyeserera kulikonse, pamene miyendo yatopa, wosewera aliyense amenye penate, kuphatikizapo goloboyi. Aziyenda kuchokera pakati pa bwalo monga zidzakhalire tsikulo, ana a m'mudzi akukuwa kumbuyo kwa golo. Aliyense asankhiretu mbali yake, akhale ndi kachitidwe kamodzi kosasintha koikira mpira, kubwerera m'mbuyo ndi kupuma mpweya, ndipo mulembe mayina a omenya motsatana tsiku lisanafike.

FUNSO: Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi wa zaka 14 wakonda mpira kwambiri ndipo akuti akufuna kudzakhala ngati Barbra Banda. Bambo ake akuti asiye chifukwa sukulu iwonongeka. Ine ndili pakati. Kodi zinthu ziwirizi zingayendere limodzi? (Mayi wa ku Katete)

YANKHO: Amayi, zingayendere limodzi, ndipo nkhawa ya bambo akewo ili ndi maziko, choncho tiyambe ndi iyo. Ana amene amadzapeza zofunika pa moyo kudzera mu mpira ndi ochepa kwambiri, ndipo ngakhale amene afika pamwamba sadziwa tsiku limene adzalekere. Enock Mwepu anali atafika mu ligi yaikulu ya ku England ndi timu ya Brighton, koma mu October 2022 analeka kusewera ali ndi zaka 24 zokha madokotala atamupeza ndi vuto la mtima lobadwa nalo. Palibe khama limene likanaletsa zimenezo. Sukulu ikhale patsogolo, ndipo mwanayo auzidwe zimenezi momveka.

Koma musamuletse mpirawo. Barbra Banda, amene anabadwa mu 2000, anayamba masewera ali mwana ndipo anachitaponso nkhonya asanasankhe mpira. Ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021 anagoletsa zigoli zitatu pa masewero ndi Netherlands, n'kugoletsanso zitatu pa masewero otsatira ndi China, ndipo mu 2023 anatsogolera Copper Queens, timu ya amayi ya Zambia, ku World Cup yawo yoyamba, kumene anagonjetsa Costa Rica 3 kwa 1. Mwana wa ku Katete akamaona zimenezi n'kunena kuti nayenso angathe, sakulota zopanda pake. Ndinaonanso pa zaka zanga za uphunzitsi kuti mwana amene waphunzira kufika pabwalo pa nthawi yake, kumvera akamudzudzula ndi kubwereranso mawa lake atagonja, amatenga makhalidwe omwewo n'kulowa nawo m'kalasi.

Chimene chimalepheretsa atsikana athu ambiri ndi nthawi. Mnyamata akaweruka amaponya chikwama n'kupita kubwalo, pamene mlongo wake akuyembekezeredwa kutunga madzi, kuphika, kutsuka mbale ndi kulera ana, ndipo akamatsegula buku amakhala atatopa kale. Ngati mukufuna kuti mwanayu achite bwino pa zonse ziwiri, khalani pansi ndi bambo ake ndi ana onse, mugawe ntchito za pakhomo mwachilungamo, ndipo mulembe pa pepala masiku atatu a mpira pa mlungu, nthawi yowerenga ya tsiku lililonse ndi nthawi yogona. Mugwirizane naye kuti mudzayang'ana zotsatira zake kumapeto kwa temu, ndipo zikatsika, masiku a mpira adzachepetsedwa mpaka zitakweranso. Pangano lotere limamupatsa mwana udindo, ndipo bambo ake adzakhala ndi poyezera m'malo mongoopa.

Pali zina ziwiri zimene inu monga mayi ndinu woyenera kuziyang'anira. Mtsikana amene wayamba kusamba ndipo akuchita masewera amafunika chakudya chowonjezera magazi, monga nyemba, kapenta, chiwindi, bonongwe ndi chibwabwa chotendera, ndipo ngati akutopa msanga kapena kuchita chizungulire, mupite naye kuchipatala akamuyeze magazi. Chinanso, mumudziwe mphunzitsi wa timu yake maso ndi maso, mudziwe kumene amayeserera ndi nthawi imene amaweruka, ndipo pa maulendo okasewera ku Chipata kapena ku Petauke muonetsetse kuti pali mayi wamkulu wopita nawo. Tsiku lina la masewero mudzapemphe bambo ake kuti akuperekezeni kubwalo, akamuone mwana wawo akusewera asanapereke chigamulo chawo.